Loweruka: dimba la amalume ku chigwa cha Shire

Lero ndinalawirira kukakwera minibasi ya ku Nchalo, poti amalume akhala akundiitana kuti ndikaone zomwe mtsinje wachita kudimba kwawo. Potsetsereka zitunda za ku Chikwawa, tisanafike pa Thabwa, mapiri ali mbee. Mitengo inapita ndi makala, ndipo zigwembe zang'amba nthaka mpaka miyala kuonekera.

Dothi lochoka kumtundako ndinalipeza kumunsi. Pa mlatho wa mtsinje wa Mwanza, mchenga wadzaza khwawa lonse, moti amayi amachita kufukula kuti apeze madzi. N'chifukwa chake mvula ikangogwa yambiri kumtunda, madzi amasowa podutsa n'kusefukira m'midzi.

Dimba la amalume lili pokhota pa Shire. Anandiimika pagombe n'kuloza pansi. Mbali yathuyi, yomwe ndi kunja kwa khona, madzi amathamanga ndipo akufukula gombe chapansi, pamwamba n'kumagumuka mabuma akuluakulu. Mizu ya nthochi ikulendewera m'malere. Kutsidya, komwe madzi amayenda mwaulesi, kwamera chilumba cha mchenga ndipo bango layamba kale kuphuka.

"Mphwanga, munda wanga ukusamukira kwa eni ake a tsidya ilo," anatero akuseka, koma kuseka kwake kosafika pamtima.

Chomwe chinandigwira mtima ndi dzenje lomwe anakumba pofuna chinyontho. Pamwamba pali mchenga woyera wofika m'mawondo, umene akuti unabwera ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Pansi pake mpomwe pali dothi lakuda lija ankakololapo chimanga ndi mbatata. Madzi amatula katundu mosankha: liwiro likayamba kuchepa amasiya miyala, kenako mchenga, pomwe matope osalala amapita nawo patali n'kukakhazikika pamene madzi adekha. Anzawo a kumunsi analandira matope, chimanga chawo chili biriwiri popanda feteleza. Amalume analandira mchenga. Ndiye anthu akamati kusefukira kwa madzi kumabweretsa chonde, ine ndimafunsa kaye kuti munda wake uli potani.

Masana dzuwa la Okutobala linatentha zoopsa. Kamvuluvulu anadutsa m'munda wa thonje wozulidwa kale, n'kunyamula fumbi ndi zinyalala mpaka kumwamba. Mphepo siinyamula miyala, imangosesa dothi losalala, lomwe ndi lachondelo, n'kukaliunjika patsinde pa mpanda wa bango. Azakhali anangovundikira mphika wa ndiwo n'kupitiriza kusenda mbatata.

Pobwerera tinakambirana za Kapichira, pomwe madzi a namondwe Ana anagumula damu mu Januwale 2022, dziko n'kukhala m'mavuto a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Amalume akuti abzala udzu wa vetiva ndi bango m'mbali mwa gombe mvula isanayambe. Andipempha kuti ndikawafunsire mbewu ya vetivayo kwa alangizi sabata yamawa.