Momwe ndinalowera ntchito ya kafukufuku wa katemera

Anzanga ambiri amandifunsa kuti aise unalowa bwanji m'zofufuzafufuza za katemerazi, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi basi. Ine ndinapanga digiri ya za mu labu, nditamaliza ndinakalembetsa ku Medical Council of Malawi, poti popanda pepala limenelo sakuyang'ana nkomwe.

Chinandikoka ndi nkhani ya tayifodi. Mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anayamba kuyesa katemera wa tayifodi pa ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, ena ankawabaya wa tayifodiwo ena wa meninjaitisi kuti pakhale pofanizira, zotsatira zitabwera zinaonetsa kuti akuteteza ana 8 mwa 10 aliwonse, mu 2023 ndi uyo akubayidwa dziko lonse. Ndinangoti eti zinthu zoyambira pa Ndirande pompa?

Choyamba chomwe ndinachita ndi setifiketi ya GCP (Good Clinical Practice, malamulo a kachitidwe koyenera ka kafukufuku wa pa anthu), ilipo yaulere pa intaneti, ndinaipanga pa foni bandulo ikutha, ndipo mukapita pa intavyu amafunsa ndithu. Kenako ndinakhala miyezi ndithu ngati intani, kutsuka, kulemba malebulo, kunyamula ma cooler box. Kumeneko ndi komwe ndinaphunzira kuti katemera ambiri amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo tempecha ya fuliji umailemba m'mawa ndi madzulo, ngakhale Lamlungu. Magetsi akazima usiku mtima umagunda mpaka utamva jenereta yalira.

Ntchito yanga yeniyeni ndi ya blood culture. Mwana akabwera ndi thupi lotentha amamutenga magazi m'kabotolo, timakaika m'mashini otenthetsa, mashini akalira ndiye kuti mwamera kanthu, timakamwaza pa mbale n'kudikira mawa kuti tione ngati ndi Salmonella Typhi, kachilombo koyambitsa tayifodi. Tikaipeza timaiyesa ndi mankhwala, ndipo zimadandaulitsa kuona kuti cotrimoxazole ndi chloramphenicol nthawi zambiri sizikuigwiranso. Zotsala timasunga mu fuliza ya madigiri -80.

Koma chomwe palibe anandiuza n'choti theka la ntchitoyi ndi mapepala. Sabata yanga yachiwiri ndinalakwitsa deti pa fomu, ndinangotenga tipeksi n'kufufuta bwinobwino, ndikudziona ngati waukhondo. Monita, amene amayendera kafukufuku kuona ngati tikutsata malamulo, atabwera anaikweza fomuyo m'mwamba kuiunika pa windo, "Achimwene, apa panalembedwa chiyani?" Thukuta kuti kamukamu. Lamulo n'loti umangodula kamzere kamodzi kuti zolakwikazo ziziwerengekabe, kulemba zoona pambali, kusaina ndi kuika deti. Tipeksi uja ndinakamupatsa mng'ono wanga wa folomu 2.

Pano ndikulemba protocol, ndondomeko ya kafukufuku wa masters yanga, iyenera kudutsa kaye ku COMREC, komiti yovomereza kafukufuku, ndisanakhudze munthu aliyense, ndipo fomu ya chilolezo iyenera kukhalanso m'Chichewa. Ndatha masiku atatu ndikulimbana ndi mawu oti randomisation, pakadali pano ndalemba kuti "kusankha mwa maere" ndipo mawa ndikawawerengera mayi anga ndione ngati amva.