Mnyamata amene ankaopa kukhala chete

Lolemba m'mawa, madzi a tiyi asanawire n'komwe, foni inalira. Anali mayi wina amene ndinawaimirirapo pa mlandu wa malo. Mwana wa mlongo wawo, wa zaka 23, anali m'chitokosi chiyambire Lamulungu masana. Loweruka usiku pamowa panabuka ndewu, munthu anagwa, kutacha anamwalira kuchipatala.

Ndinamupeza ali khuma pakona, wopanda lamba, wopanda nsapato. Wofufuza mlandu anali atakonza kale pepala lolembapo sitetimenti. Ndinapempha kuti ndionane naye kaye pawiri, monga gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limalolera. Bwanayo sanavute, anangoti ndisachedwe poti ali ndi madoketi ena.

Ndinamufotokozera kuti ali ndi ufulu wokhala chete, kuti palibe angamukakamize kuvomera mlandu, ndiponso kuti chilichonse chimene anganene chidzalembedwa n'kukawerengedwa kukhoti. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Koma madamu, munthu wamkulu akukufunsa, iwe n'kumangomuyang'ana? Sindioneka wamwano?"

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo silindiseketsa. Tonse tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa uziyankha. Pabwalo la amfumu, amene wasowa chonena ndiye kuti wagonja. Ndiye lamulo likubwera n'kumuuza mwana woleredwa chotero kuti atseke pakamwa pamaso pa wapolisi, pakuti udindo wosonyeza kuti analakwa ndi wa boma, osati wake. Zolembedwazo n'zomveka. Kuzichita uli pabenchi, usanadye, usanagone, ndi nkhani ina.

Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti iye za usikuwo sankazikumbukira bwino. Anali atamwa. Ankangobwereza kuti "ndinkangofuna kumukhaulitsa". Mawu awiri amenewo atati alembedwe papepala, mawa n'kumasuliridwa m'Chingerezi, woimira boma akhoza kuwatenga ngati umboni woti anali ndi cholinga chovulaza munthu koopsa. Pamenepo ndi pamene pamasiyanirana mlandu wakupha mwadala ndi wakupha mosafuna, ndipo zilango zake n'zotalikirana.

Sindinamuuze kuti aname. Loya sachita zimenezo. Ndinangomuuza kuti nthawi yofotokoza idzafika, titaona lipoti la chipatala ndi zimene mboni zanena. Pasitetimenti panalembedwa mizere iwiri yokha: wamva mlandu umene akumuganizira, ndipo pakadali pano sanenapo kanthu. Anadinda chala, dzanja likunjenjemera. Wofufuzayo anapukusa mutu n'kunena kuti maloya timawachulutsira ntchito. N'zoona, ndipo sindinamutsutse.

Lachiwiri anamutengera kwa majisitireti, maola 48 asanathe. Kumeneko anangomuwerengera mlandu n'kumutumiza ku rimandi, chifukwa milandu yakupha imazengedwa ku Khoti Lalikulu. Panja mayi ake anandigwira mkono n'kufunsa motsitsa mawu ngati amupachike. Ndinawauza kuti chiyambire chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, woweruza sakakamizidwanso kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wotere. Amayang'ana mmene zinthu zinakhalira. Anapuma mozama, koma mkono sanausiye.

Lachitatu ndi Lachinayi zinapita ndi milandu ina: wina wa ngongole, wina wa chuma cha masiye umene unalephereka kachitatu.

Lachisanu kunabwera malume ake, atakwera minibasi ziwiri, nkhope ili gwaa. "Amayi, mwamutsekeranji pakamwa mwanayu? Kumudzi konse akuti wavomera. Wosalakwa amayankhula." Ndinawapatsa mpando, ndinawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi, pafupifupi ola lathunthu. Anamvetsera mwaulemu, chipewa chili pabondo. Sindikukhulupirira kuti ndinawasintha maganizo. Potuluka anandisiyira jumbo ya sopo ndi shuga kuti ndikapereke kundende, n'kufunsa ngati angakhale mboni ya belo ndikamakapempha ku Khoti Lalikulu, komanso ngati chitupa chawo cha unzika chikwanira.