Amayi Msungichuma, gauni ija ndavala

Tulo takana. Amayi ondibereka agona kale m'chipinda umu, nsapato zatsopano zawatupitsa mapazi, koma ine maso ali gwa. Ndiye ndati ndilembe mtima udakali wotentha.

Dzulo ndalandira digiri yanga ya zaulimi. Mulungu alemekezeke, chifukwa pandekha sindikanafika ngakhale pa geti la ku Bunda.

Ambiri nkhani yanga mukuidziwa, sindibwereza zonse. Bambo anatisiya ndili Sitandade 8. Dzina langa litatuluka kuti ndipite Fomu 1, m'nyumba munali ndowa zitatu za nandolo ndi ana anayi. Amayi anati tingothokoza kuti wakhoza, zinazo tisaziganizire. Sabata yomweyo ndi pamene anafika mayi wina wachikulire pa njinga yakapalasa, kope lili m'jumbo. Sanakhale pa mpando umene tinawapatsa. Anapempha kuona nkhokwe, anasuzumira m'khitchini, anandifunsa masamu awiri ali chiimire, kenako analemba dzina langa. Amenewo ndiwo Amayi Msungichuma a thumba la maphunziro la kwathu. Dzina lawo sinditchula, anandiletsa kalekale, koma aliyense wa kwathu ku Phalombe amene akuwerenga pano wawadziwa.

Kwa inu amene si akwathu, thumba limeneli si la boma, komanso si la azungu. Analiyambitsa ndi aphunzitsi opuma pa ntchito pamodzi ndi ana a m'mudzi amene ali ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Joni. Mipingo imaponyamo, amayi a banki m'khonde nawonso amaikamo kangachepe akagawana kumapeto a chaka. Banja lina bambo awo atamwalira, m'malo momanga chiliza chachikulu, linapereka ndalamazo kuti dzina la malemuwo lizikumbukika pophunzitsa ana. Ine ndaphunzira ndi gawo limenelo. Malemuwo sindinawaonepo, koma dzulo ndawatchula m'pemphero ngati agogo anga enieni.

Lamulo la thumbali ndi limodzi, ndipo ndalimva m'kamwa mwa Amayi Msungichuma kosawerengeka: mpamba sutapidwa. Ndalamayo imakhala ku banki pa fixed deposit. Chiwongoladzanja chokha ndicho chimalipira fizi, ndipo ngakhale pa chimenecho amapatulako kagawo n'kubwezera ku mpamba kuti uzikula. N'chifukwa chake satenga ana ambiri nthawi imodzi. Ukalowa m'kope lija, temu iliyonse umabweretsa lipoti la kusukulu ndi risiti, iwo n'kumata ndi manja awo.

Amayi Msungichuma, mukukumbukira Fomu 2? Munandiitanira kuseri kwa tchalitchi n'kundipatsa kaphukusi ka sopo, mafuta odzola ndi zofunika za atsikana, zimene sindikanatha kuzitchula pamaso pa komiti yodzaza abambo. Zimenezo sizinalembedwe m'kope. Zinachokera pa penshoni yanu, ndinadziwa pambuyo pake.

Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid, anzanga angapo a m'kalasi sanabwererenso, ena mimba, ena banja. Kwathunso nkhani ya banja inayambika, ndipo woyambitsa anali wachibale amene sanagulepo ngakhale pensulo. Inu Lamulungu lililonse mukaweruka ku mapemphero munkadutsira kwathu ndi mapepala a mayeso akale. Ife ndi aja tinalemba MSCE kawiri, mayeso atathetsedwa chifukwa chobedwa, n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Tsiku limene tinamva za kuthetsedwako ndinaponya makope pansi. Munawatola, n'kuwapukuta ndi chitenje chanu, osanena kanthu.

Za namondwe wa Freddy sindingalembe zambiri, manja akunjenjemera. Marichi 2023 ndinali ku Bunda, mafoni a kwathu onse osagwira, masiku akupita osadziwa ngati amayi ndi azing'ono anga ali moyo. Amayi amati napolo wa 1991 wa ku Michesi ankamuyesa wotsiriza pa moyo wawo. Nyumba yathu inagwa, munda unakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Tinaika anthu amene tinakula nawo, ena mpaka lero sanapezeke. Mizimu yawo iuse mumtendere.

Nditakwanitsa kufika, ndinakapeza Amayi Msungichuma pa msasa wa pa sukulu ya pulayimale. Nyumba yawonso inali itapita, ziwiya, mabulangete, zonse. Koma kope lija anathawa nalo atalimanga m'chiuno, mkati mwa chitenje. Ndinawapeza atayala masamba ake pa zenera la kalasi, tsamba lililonse atalitsindira ndi kamwala. Mapepala anali atafufuma, inki itayenderera, marisiti ena atamatirirana. Iwo anali ndi bolopeni, akubwereza manambala amene ankazimiririka, magalasi awo mwendo umodzi atamanga ndi ulusi. Ndinaona dzina langa pa tsamba lina, lonse lili bii ndi matope, pansi pake mzere wa matemu onse kuyambira Fomu 1. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Iwo anangoti ndibwerere kusukulu mawa lake, kulira ndikalirire m'basi.

Tsopano pali chinthu chimene ndiyenera kuulula pagulu, chifukwa ndinachimwa pagulu. Mu Novembala 2023 kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zonse zinakwera nthawi imodzi, lendi, ufa, thiransipoti. Ngongole ya boma ya ophunzira inkandithandiza mbali ina, ndipo ndidzabweza, koma chiwongoladzanja cha thumba lathu chinasanduka kanthu kochepa. Komiti inakumana. Ena anati titape mpamba kamodzi kokha, ana amene ali ku yunivesite amalize. Amayi Msungichuma anakana. Ine nditamva ndinakwiya, ndinawaimbira foni n'kuyankhula mawu amene mwana sayankhula kwa kholo. Ndinalembanso zina pa gulu la WhatsApp la kwathu, ambiri munaziona. Iwo anandisiya ndimalize, kenako anandifunsa kuti, "Mwanawe, iwe ukuphunzira zaulimi. Chaka cha njala, mbewu amadya?" Ndinadula foni.

Patapita sabata ziwiri, usiku ndikuwerenga, foni inalira, uthenga wa Airtel Money. Ndalama yokwanira lendi ndi chakudya mpaka kutseka. Ndinayesa komiti yasintha maganizo. Chaka chatha chomwechi ndi pamene mdzukulu wawo anandiuza kuti agogo anagulitsa mbuzi ziwiri zimene zinapulumuka pa madzi paja, n'kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi a Mvano, wina K500, wina K1,000, wina mbale ya nandolo yoti agulitse. Mpamba sanaukhudze ngakhale tambala.

Amayi anga, ndikhululukireni. Ndinapepesa kale pakhonde panu, koma ndikupepesanso pano pamene ndinakunyozerani. Lero m'kope lija muli ana ena amene ayamba sekondale, mmodzi ndi wamasiye wa Freddy yemweyo. Mukanandimvera ine tsiku lija, iwowo akanapeza thumba lobooka. Nkhawa ndili nayobe, chifukwa ndalama yogona ku banki imafooka mitengo ikamakwera chonchi, ndipo ndikufuna tidzakambirane zoika gawo lina pa chinthu chogwirika monga chigayo. Koma zimenezo ndidzayankhula nditakhala pansi, mwaulemu, pa msonkhano.

Zikomo amayi ondibereka, amene munalima maganyu mpaka msana unapindika. Zikomo mnzanga wa m'chipinda, tinagawana usipa wa K300 kangati? Zikomo achimwene a kabaza amene munkanditengera katundu pa ngongole, aphunzitsi anga a masamu a ku CDSS, abale a ku Joni amene simundidziwa nkhope koma mwezi ndi mwezi mumatumiza, ndi banja la malemu aja. Wapampando ndi komiti yonse, ngakhale amene munkafuna kutapa mpamba, ndikudziwa kuti chinali chifundo pa ife.

Kwa ena aja amene foni zanu zinkangoitana osayankha kwa zaka zonsezi, amene munati mwana wamkazi n'kutaya ndalama, mauthenga anu a dzulo ndawaona. Zithunzi mwapemphazo ndikutumizirani. Mtima wanga ulibe chidani, koma ngati mukufunadi kusangalala nane, kope lili kwa Amayi Msungichuma, ndipo risiti amapereka.

Ambuye, mayi ameneyu mumusunge. Shuga amene akumuvutitsa mumuchepetsere, maso ake muwawalitse, mumupatse zaka zoti aone ana onse a m'kope lija atavala gauni. Dzulo sanabwere, ulendo wa ku Lilongwe ndi wautali kwa iwo tsopano, ndipo anakana kuti tiwalipirire basi, ati ndalamayo ndi fizi ya mwana wina.

Amayi, Loweruka ndikubwera. Gauni ndapempha kuti ndibweze mochedwerapo kuti mudzaigwire ndi manja anu. Ndabweretsanso K5,000 pa ndalama zimene anthu andifupa dzulo. Ntchito sindinapeze, koma mundilembe ku tsamba la opereka. Magalasi atsopano ndagula kale, musakane.