Kuthokoza pambuyo pa mwambo wa chiliza cha malemu amuna anga

Loweruka lapitali tinasonkhana kumudzi ku Mitundu pa mwambo wa chiliza cha malemu amuna anga, amene anatisiya mu Januwale 2021 pamene matenda a Covid-19 anafika poipa m'dziko muno. Ndikuthokoza nonse amene munabwera, amene munasonkha ufa, nkhuni ndi matumba a simenti, ndiponso amene munaphika usiku wonse. Ambiri munadabwa kuona kuti poika nkhata ndinayenda limodzi ndi alamu anga, ndipo n'chifukwa chake ndaganiza zolemba mawu awa.

Odziwa nkhaniyi akukumbukira kuti maliro asanathe n'komwe sabata ziwiri, alamuwo anabwera ndi lole kunyumba kwathu ku Kawale, natenga mipando, firiji, makina anga osokera, kenako n'kutiuza kuti nyumbayo ndi ya mbumba yawo. Ine ndi ana atatu tinakakhala m'chipinda chimodzi chalendi ku Chinsapo. Ndikuthokoza mlongo wanga amene anandiuza kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Bwalo linatibwezera nyumba mu 2023. Sindikunong'oneza bondo kuti ndinakasuma, ndipo mayi aliyense amene akuvutika chonchi asanamizidwe kuti kudandaula kubwalo ndi kupanda chikhristu.

Nyumba inabwerera, koma mtima wanga unatsala ku Chinsapo. Kwa zaka zitatu, mpingo ukafika pa mawu akuti "mutikhululukire mangawa athu monga ifenso takhululukira amangawa athu", ine ndinkatseka pakamwa, n'kuyambiranso pa mzere wotsatira, poganiza kuti palibe akuona. Achibale ankandiuza kuti chibale ndi fupa sichiwola, ndipo mwambiwo unkangondiwonjezera mkwiyo, popeza ouyankhulawo anali chete tsiku la lole lija.

Apa ndiye ndikuthokoza amayi anzanga a Chigwirizano, makamaka mayi wina wachikulire amene amakhala nane pa benchi imodzi. Iwo anaona pakamwa panga, koma sanandichititse manyazi kapena kundikakamiza. Lachinayi lina tikuweruka anangondigwira dzanja nati, "Mwana wanga, pa Mateyu 5:44 Ambuye anati tipempherere otizunza. Yambani n'kutchula dzina lawo basi, zina adzachita ndi Mwini wake." Usiku woyamba dzinalo linandikanika pakhosi ngati nsima ya dzulo, ndipo zinatenga miyezi kuti ndilitchule popanda kuwonjezerapo mawu odandaula.

Chaka chatha tinamva kuti alamuwo agonekedwa pa chipatala cha Kamuzu Central atachita sitiroko, ndipo analibe wowadikirira wokhazikika chifukwa akazi awo anali atachoka. Sindinganame kuti chisoni chinandigwira nthawi yomweyo. Ganizo langa loyamba linali lakuti Mulungu wandiweruzira. Koma lemba la Aroma 12:20, lonena kuti mdani wako akamva njala umdyetse, linandisowetsa tulo. M'mawa ndinaphika phala lamgaiwa lothira nsinjiro, ndinalithira m'fulasiki, n'kukwera minibasi mawondo akunjenjemera. Atandiona anatembenukira kukhoma. Dzanja lawo lamanja, lomwe lija linandiloza pondithamangitsa, linali gone pa bulangete, losatha kugwira ngakhale supuni, choncho ndinawamwetsa ndine. Tsiku limenelo sitinayankhulane. Pa tsiku lachisanu anangoti, "Alamu, makina aja ndinagulitsa," misozi ikutsikira m'khutu, ndipo ine ndinayankha kuti ndikudziwa.

Ndikuthokoza anamwino amene anawasamalira, abusa ndi akulu ampingo amene ankabwera kudzapemphera nafe, komanso mwana wanga woyamba, amene poyamba anakwiya nane kwambiri koma pambuyo pake ankandiperekeza atanyamula basiketi. Iye sanakhululukebe kwathunthu, ndipo sindikumufulumizitsa, pakuti inenso masiku ena ndikaona malo pamene pankakhala makina aja mtima umabwadamuka.

Alamu, ndikudziwa kuti ana akuwerengerani mawu awa. Zikomo chifukwa choyima pamaso pa amfumu ndi mbumba yonse, mutatsamira ndodo, n'kupepesa ndi pakamwa panu, zimene sindinakupempheni. Ana akubwera kudzakuonani sukulu akatsekera, ndipo ndiwapatsira nsinjiro zija munaitanitsa.