Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Khoma la dothi lopanda dothi

Sabata yatha ndinakusiyani pa Park Station, siteshoni yaikulu ya ku Joni, chikwama cha zida chili pamapewa, ndikudikira msuweni wanga. Miyezi isanu ndi itatu yokhoma masiling'i ku Mayfair ndiidumpha, mulibe nkhani mmenemo koma fumbi lokhalokha. Nkhani ikuyambira tsiku limene ndinalembedwa ntchito pa wekishopu yopanga maseti a zisudzo, ndiye kuti makoma, zitseko ndi zina zoimika pa siteji, kummwera kwa Joni.

Zisudzo sindinazidziwire ku Joni ayi. Ndili mnyamata tinkachoka ku Ndirande wapansi kupita ku French Cultural Centre kukaonera Wakhumbata ya malemu Du Chisiza Jr. kapena a Kwathu. Koma kwathu seti inali sofa yobwereka, tebulo ndi nsalu kumbuyo. Nyumba, khoti, manda, zonsezo osewera ankazimanga ndi pakamwa, ife n'kumaziona. Ndiye kapitawo atandiuza kuti kukubwera munthu pa ndege kuchokera ku Ulaya chifukwa cha khoma limodzi, ndinayesa nthabwala.

Anafikadi mayi wina wa ku Netherlands, wojambula setiyo, atafungatira kabokosi kakuda ngati khanda. Mkati mwake munali siteji yonse ya makatoni, ndi tianthu totalika ngati chala. Muyeso wake unali 1:25, kutanthauza kuti sentimita imodzi m'kabokosimo ndi masentimita 25 pa siteji. Mukaphonya mamilimita awiri okha poyeza, ndiye kuti chitseko chenicheni chaphonya masentimita asanu, osewera adzagunda mutu mumdima. Ine amene ndinazolowera kuyeza ndi diso n'kumati "zikwana", sabata yoyambayo ndinawononga mapulayiwudi awiri.

Sewerolo linali la anthu ambiri. Wowongolera sewero anali wa ku South Africa konko, wa magetsi wa ku Germany, woimba wa ku Maputo, ndipo ndalama zinasonkhedwa ndi nyumba za zisudzo zitatu m'mayiko atatu. Aliyense wosonkha ankafuna sewerolo likaonetsedwe kwawo, pomwe masiteji awo ndi osiyana kukula. Pakati pa zonsezi panali khoma la nyumba yadothi, mamita asanu ndi limodzi kupita m'mwamba.

Mayiyo ankafuna dothi lenileni. Kapitawo anangomutengera panja n'kumuonetsa kontena. Yaikuluyo ndi mamita 12 mulitali, koma pakhomo pake ndi mamita awiri ndi pang'ono. Chilichonse chimene wojambula walota chiyenera kudutsa pakhomo pamenepo, chikakwere sitima ku Durban, chikatsike amuna anayi n'kuchiimika tsiku limodzi. Komanso dothi sililoledwa kungowoloka malire chifukwa cha tizilombo. Ngakhale matabwa a mabokosi olongedzamo katundu amayamba atenthetsedwa m'ng'anjo n'kudindidwa chidindo. Ozimitsa moto nawonso amafuna nsalu ndi matabwa zipakidwe mankhwala osayaka msanga. Tinagwirizana zogawa khomalo m'zidutswa zomanga ndi mabawuti, pamwamba pake chiguduli, kenako utuchi wosakaniza ndi guluu ndi penti.

Titamaliza chidutswa choyamba onse anawomba m'manja. Ine ndinangoti duu.

Mayiyo anaona. "Chavuta n'chiyani, James?" Dzinalo si langa, ndi limene ankanditchula kumeneko poti langa lenileni linkawakola lilime.

Ndinati, "Madamu, khomali ndi lokongola, koma simunagonemo munthu."

Ming'alu yake anaijambula ngati mphezi, yochokera pamwamba n'kumwazikana paliponse. Khoma ladothi silikalamba choncho. Limayamba kudyeka m'munsi, pamene madzi otsika padenga amathovukira, mpaka pamakhala ngati pakumbidwa ndi khasu. Mng'alu umakonda kuyambira pa ngodya ya chitseko kapena zenera. Chiswe chimakwera ndi kanjira kake kofiira. Pafupi ndi khomo pamakhala posalala, pakuda, pamene anthu amagwira akamavula nsapato, ndipo pansi pang'ono pali mzere wina wa manja a ana. Ndinamuuzanso za mayi anga kumudzi, mmene ankazirira ndi dothi lakuda la kudambo m'munsi, lofiira pamwamba, Khirisimasi ikayandikira, moti zaka zimaoneka pakhoma ngati masamba a buku. Ndinalankhula nthawi yaitali, Chingerezi chikundithera m'kamwa, mpaka ndinangotenga chiswanthi cha thabwa n'kuyamba kukanda pa utuchi wosaumawo.

Sanakwiye. Anakhala pansi, pa simenti, n'kutsegula kope lake. Masiku atatu otsatira anakhala wothandizira wanga, akundipatsira ndowa.

Amene anandiphunzitsa ine ndi bambo wa magetsi uja. Atafika anazimitsa nyali zonse za m'wekishopu, n'kuyatsa imodzi yokha kumbali, pafupi ndi pansi. Ming'alu yanga yonse imene ndinkanyadira inasanduka maenje akuda bii, khoma ngati lagwidwa nthomba. Anandiuza kuti nyali ikachokera kumbali, ngakhale kabowo kakang'ono kamabala mthunzi wakuda, ndipo munthu wokhala pa mzere wa 20 wa mipando saona dothi, amaona mthunziwo. Tinafafaniza theka la ntchito yanga. Zinandiwawa, koma ankanena zoona. Kenaka wowongolera naye anati akufuna mtsikana wina azitsamira khomalo akuimba, ndiye tinabwerera kumbuyo kukawonjezera zitsulo kuti lisagwedere. Sindikudziwanso kuti khomalo tingati linali la yani.

Tsiku lopakira ndinasenza chidutswa chimodzi pamutu, monga tichitira kwathu, anzanga a Chizulu n'kumaseka. Ndinakumbuka agogo akusimba za bambo awo amene anagwidwa utengatenga pa nkhondo ya 1914, m'gulu la amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland amene anasenza katundu wa asilikali. Patapita zaka, mu 2023, ndinakaonera The Head & the Load ya William Kentridge, katswiri wa zaluso wa ku South Africa, ku Joburg Theatre, sewero la atengatenga omwewo, limene linayambira ku Tate Modern, nyumba yoonetsera zaluso ku London, mu 2018. Mmenemo muli mawu a m'kalata ya John Chilembwe yodandaula za nkhondoyo. Anthu ankayang'ana osewera, ine maso anali pa mawilo a nsanja zimene ankakankha, kuwerenga kuti zinalowa makontena angati.

Kontena yathu inanyamuka Lachisanu. Mayi uja anapempha kuti ndipite nawo kukaimika khoma ku Ulaya, poti zolumikizira zake ndinkazidziwa ndine. Kapitawo anandifunsa za pasipoti. Inali m'chikwama, chidindo cha masiku 30 chitatha kalekale. Za ulendo wanga wobwerera ku Mwanza kukakonza mapepala, tikumane gawo 12.