Masabata atatu ndikusakasaka manambala a nandolo

Dzulo madzulo ndatula fayelo ya ndondomeko ya bizinesi ya nandolo m'manja mwa atcheya a kopaletivi yathu, ndipo usiku wathawu ndi umene ndagona tulo tenitweni chiyambireni mwezi uno. Ndikulemba mtima ukadali wotentha, kuti wina wa kuno ku Zomba wofuna kudziwa za malonda a kunja asadzathe nsapato ngati mmene ndathera ine.

Ife timalima nandolo cha ku Thondwe ndi midzi yozungulira. Chaka ndi chaka timagulitsa kwa mavenda, sikelo yawo, mtengo wawo. Tinapangana zoti tipemphe ngongole yogulira makina osendera nandolo, uja wa chipere, komanso tifunefune munthu woti aikemo mpamba. Kumene tinakapempha anati tilembe kaye ndondomeko ya bizinesi yosonyeza kumene nandolo wa Malawi amapita, kuchuluka kwake, mtengo wake, ndi msonkho umene amadulidwa akafika kumeneko. Poti mlembi ndine, mtolo unagwera pamutu panga.

Ndinene msanga chinthu chimene ndikanachidziwa tsiku loyamba: katundu aliyense wodutsa pa chipata ali ndi nambala yake, imene a kasitomu amaitcha HS code. Ya nandolo wouma ndi 0713.60. Soya ndi 1201, mtedza 1202, mpunga 1006, tiyi 0902, fodya wosakonza 2401. Musanakwere minibasi, musanagule bandulo, pezani nambala imeneyi muilembe pachikuto cha kope lanu. Ine ndinkalowa m'maofesi n'kumati "ndikufuna za nandolo", anthu n'kumangondiyang'ana.

Tsiku limene likundiwawabe ndi Lachiwiri la sabata yoyamba. Wina anandiuza kuti zonse zili pa ofesi ina ku Blantyre, dzina sinditchula. Ndinadzuka kusanache, kabaza mpaka pamsewu, minibasi yochokera ku depoti ya Zomba inali itadzaza kale, ndinakwera yachitatu. Ku Limbe ndinasinthanso ina. Ndikufika, apolandira alendo akuti amene amadziwa zimenezi ali ku msonkhano, khalani pabenchi amayi. Ndinakhala. Nthawi ya nkhomaliro anatseka chitseko. Ndinagula chinangwa chokazinga panja n'kubwerera pabenchi pomwe paja. Cha m'ma 2 koloko bambo aja anatulukira, sanakhale n'komwe pansi, anangofunsa ali chiimire kuti kalata ili kuti. Ndinati kalata yanji bambo? Akuti yopempha, yodindidwa ndi bungwe lanu. Chikhalireni m'mawa pabenchi paja palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza za kalata. Akanandiuza 8 koloko ndikanaimbira atcheya, kalata ikanabwera pa WhatsApp, ndikanasindikiza tsidya la msewu.

Ndinabwereranso Lachisanu ndi kalata yodinda bwinobwino. Chimene anandipatsa ndi kabuku kokongola ka zithunzi za minda ya tiyi ndi nyanja, kopanda nambala ndi imodzi yomwe ya nandolo. Maulendo awiri, thiransipoti ya kopaletivi, ndalama imene amayi anzanga anasonkha atagulitsa tomato. Zimenezo ndi zimene zimandipweteka, chifukwa sinali yanga.

Ndi panja pa ofesi yomweyo pamene anandipezera bambo wina wa jekete ndi chikwama, amene anati ntchito yake ndi yothandiza anthu ngati ine. Analankhula bwino kwambiri. Ndinamupatsa ndalama yoti ndikanalipirira mwana fizi teremu yathunthu, iye n'kunditumizira masamba asanu ndi limodzi patapita masiku anayi. Ndibwereranso kwa ameneyu.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira za chuma ku Chanco. Inde pano akuti University of Malawi, koma ife tizingoti Chanco. Ndinamupeza kumene amachita lendi ku Chikanda, ndinamuonetsa masamba aja, anawatembenuza kamodzi n'kuti, "Azakhali, izitu ndi za ulele." Anatsegula laputopu nalowa pa Trade Map. Tsamba limeneli ndi la International Trade Centre ya ku Geneva, bungwe la United Nations ndi World Trade Organization, ndipo munthu wa m'dziko losauka ngati lathu amalembetsa osalipira kanthu, bola imelo. Mukalowa mumalemba nambala ya katundu, kusankha Malawi, kusankha zotumiza kunja, kenako tebulo la chaka ndi chaka. Tebulo limene linatuluka linali lomwe lija la bambo wa jekete, mzere ndi mzere. Anangodula dzina la pamwamba.

Ndinakhala chete nthawi yaitali pampando paja.

Pa Trade Map samalani zinthu ziwiri. Ndalama amazilemba m'madola a ku America koma m'masauzande, ndiye mukaona 500 dziwani kuti ndi 500,000. Kenako pali malo osinthira kuti muone matani m'malo mwa ndalama. Tengani zonse ziwiri, chifukwa mukagawa ndalama ndi matani mumapeza mtengo wa tani imodzi, ndipo nambala imeneyo ndi imene inadzutsa a komiti pamipando ataifanizira ndi imene venda amatipatsa pa Thondwe. Musathamangire kusintha madola a zaka zakale kukhala makwacha pa mtengo wa lero. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zisiyeni m'madola momwemo.

Nambala ija ilinso ndi msampha wake. Mndandanda wa HS amaukonzanso pafupifupi zaka zisanu zilizonse, ndipo nandolo anapatsidwa nambala yakeyake ya 0713.60 pa kusintha kwa 2012. M'mbuyo mwake ankalowa m'gulu la nyemba zina zosatchulidwa maina, 0713.90. Choncho mukaona zaka zakale zili mbee, sikuti Malawi sankagulitsa nandolo. Agogo athu ankagulitsa. Yang'anani ku gulu linalo, podziwa kuti mmenemo mwasakanikira ndi zina.

Chimene chinandichititsa manyazi ndi mkwiyo pamodzi n'chakuti likulu la National Statistical Office lili konkuno ku Zomba, pa msewu wa Chimbiya. Ofesi yosunga chiwerengero cha dziko lonse, ine ndikuidutsa popita ku Blantyre kukakhala pabenchi. Ziwerengero za katundu wolowa ndi wotuluka amazitenga ku mafomu amene amalonda amalemba kwa a MRA m'zipata monga Mwanza, Dedza, Mchinji, Songwe ndi Muloza, n'kuzisanja. Mabuku awo monga Statistical Yearbook ali pa tsamba lawo la intaneti. Kungoti m'mabuku achidule otere nandolo nthawi zambiri amamuphatikiza ndi nyemba zinzake, ndiye ngati mukufuna iye yekha lembani kalata yotchula nambala ija, zaka zimene mukufuna, ndi kuti mukufuna dziko ndi dziko. Kalata idindidwe. Ndaphunzira zimenezo mowawa, pano ndimayenda ndi makalata awiri odinda m'chikwama kulikonse.

Apa ndi pamene nkhani inandikomera, ngakhale mutu unawawa. Zimene Malawi amanena kuti watumiza ku India ndi zimene India amanena kuti walandira kuchokera ku Malawi sizifanana. Poyamba ndinkaganiza kuti wina akunama. Mwana uja anandikhazika pansi. Dziko lotumiza limalemba mtengo wa katundu pamene akutuluka, umene amati FOB, pamene lolandira limaonjezerapo ndalama ya sitima ndi inshuwalansi, umene amati CIF. Ife tilibe doko, nandolo wathu amayenda mpaka ku Nacala kapena ku Beira asanakwere sitima, ndiye katundu wonyamuka mu Disembala amakafika chaka chitasintha. Wina amadutsira kwa amalonda a ku Dubai n'kulembedwa ngati wapita kumeneko. Ndiye pali uja wodutsa panjinga m'njira zachidule kulowa ku Mozambique, amene salembedwa pena paliponse kuti ndi wa Malawi. Aliyense wa kufupi ndi malire amadziwa zimenezi. M'ndondomeko yathu ndinaika manambala onse awiri moyandikana n'kulemba chifukwa chake pansi. Mukafuna kutsimikiza, masamba a intaneti a UN Comtrade ndi WITS ya World Bank amaonetsa zomwezo, koma kwa munthu woyamba kumene Trade Map ndi yosavuta kuitsata.

Mukadzatsegula tebulo la nandolo, yang'anitsitsani chaka cha 2017. Ife timachikumbukira ndi misozi, nandolo anangoti mbwee m'nyumba mpaka anankafumbwe kumudya, venda akutchula mtengo woti sungagule ndi sopo yemwe. Nthawi imeneyo tinkati mavenda agwirizana kutibera. Chenicheni n'chakuti mu Ogasiti 2017 boma la India linaika malire akuti nandolo wolowa m'dzikomo asapyole matani 200,000 pa chaka, pofuna kuteteza alimi awo amene anakolola zochuluka. Chiganizo chomangidwa ku New Delhi chinafika mpaka pankhokwe yanga. Mu 2021 Malawi ndi India anasainirana mgwirizano wa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Malamulo otere ku India amawalengeza ndi a Directorate General of Foreign Trade, ndipo amawasintha pafupipafupi, choncho musadalire nkhani ya m'nyuzipepala ya chaka chatha, kaoneni chilengezo chatsopano pa tsamba lawo. Ine maganizo anga, ndipo ndawauza a komiti osapsatira, ndi akuti tisamange bizinesi yonse pa msika umodzi umene ungatsekedwe ndi kalata imodzi.

Za msonkho wa kumene mukutumiza zili pa Market Access Map, ya bungwe lomwe lija la ku Geneva, ndipo imelo yomwe ija imagwira. Nakonso akufunsani nambala. Mukalemba 0713.60, kuchokera ku Malawi kupita dziko lakuti, ikuonetsani msonkho wamba ndi wotsitsidwa ngati pali mgwirizano. Malawi ali mu COMESA ndi mu SADC, ndipo mu 2021 analowa mu mgwirizano wa msika wa Africa yonse uja amati AfCFTA. Koma msonkho wotsika subwera wokha, pamafunika chikalata chotsimikiza kuti katunduyo ndi wa ku Malawi. Za mapepala a mbali yathu ino, monga chilolezo chotumizira katundu kunja, chikalata chosonyeza kuti mbewu zilibe tizilombo ndi matenda, ndi fomu ya CD1 imene imadzera ku banki kuti a Reserve Bank adziwe kuti ndalama zakunja zabwera, zasanjidwa pa Malawi Trade Portal. Pamenepo sindinavutikepo, ndinangokopera.

Ndaiwala kunena za magetsi. Masiku awiri anazima ndili pakati pa tebulo, laputopu yobwereka batire yake yofooka. Chilichonse mwapeza, chisungeni pomwepo ngati fayelo ya Excel, muike pa flash, mulembe tsiku limene mwachitenga. Manambala a chaka chaposachedwa amawakonzanso, mukabwerera mwezi wamawa mupeza asintha pang'ono, wa ngongole n'kumati mwapeka.

Mbali ya mpamba wochokera kunja ndinaithera tsiku limodzi lokha. A Malawi Investment and Trade Centre ku Lilongwe, amene anakhazikitsidwa pophatikiza mabungwe awiri akale, lokopa oika mpamba ndi lolimbikitsa zogulitsa kunja, ndi amene amalandira ofuna kuyambitsa bizinesi kuno. UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona za malonda ndi chitukuko, imatulutsa World Investment Report chaka chilichonse, ndipo kumapeto kwake kuli tebulo la dziko ndi dziko. A Reserve Bank ali ndi malipoti awo, a Unduna wa Zachuma nawo amatulutsa Annual Economic Report nthawi ya bajeti. Chachikulu apa ndi kusiyanitsa zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza pa wailesi: ndalama imene kampani yalonjeza kuti idzaika, imene yalowadi chaka chimenecho, ndi yonse imene yaunjikana chiyambire. Lonjezo limakhala lalikulu nthawi zonse. Ine ndinaika yolowadi basi.

Tsopano bambo wa jekete uja. Nditaunikanso masamba ake ndi maso atsopano ndinapeza kuti tsamba lachinayi silinali la nandolo n'komwe. Anatenga 0713 yonse, mmene muli nyemba, khobwe ndi zina, n'kulemba pamwamba kuti nandolo. Ndikanapereka zimenezo, munthu wodziwa akanaona kamodzi kokha n'kutaya fayelo yathu, amayi anzanga onse n'kuoneka abodza chifukwa cha ine. Ndamuimbira kasanu. Kawiri anayankha kuti ali pamaliro, pano foni siikupezekanso. Ndinafotokozera komiti zonse mmene zinayendera, ndipo ndalama imeneyo ndibweza ndekha pang'onopang'ono ndikagulitsa mbewu zanga, ngakhale atcheya anati zisiyeni.

Ngati wina akupatsani pepala la ziwerengero za malonda, mufunseni nambala ya katundu imene wagwiritsa ntchito ndi kumene wazitenga. Akayamba kukanda m'mutu, bwezani ndalama m'chikwama. Ya nandolo ndi 0713.60, manambala asanu ndi limodzi, osati anayi.

Loweruka likubwerali tikumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi kuti tiwerenge fayelo yonse mokweza anthu asanasaine. Mwana wa achimwene uja wavomera kubwera ndi laputopu, chifukwa amayi a kalabu ya mpunga ya ku Chilwa amva nkhaniyi ndipo akufuna tiwaonetse tebulo la 1006.