Tinawakhazika pampando poganiza kuti tikuwateteza

Amayi anga, omwe ali ndi zaka 78, anagwa m'bandakucha akubwerera kukagona kuchokera kubafa. Kugwako sindinakumve. Chomwe chinandidzutsa ndi mawu awo, akuitana dzina langa chapansipansi ngati munthu amene walakwa. Nditayatsa magetsi ndinawapeza atagona cham'mbali pakati pa bedi ndi chitseko, dzanja limodzi likupapasa mwendo wa bedi. Mapazi awo anali atazizira kwambiri. Nditafunsa kuti akhala pansipo nthawi yaitali bwanji, anangoti, "Sindimafuna kukudzutsa mwanangu, uli ndi ntchito m'mawa."

Kuchipatala anawajambula n'kupeza kuti palibe fupa lothyoka. Mitima inakhala pansi. Kenako tinachita chinthu chimene mpaka lero chimandiwawa ndikachikumbukira. Akati adzuke akatenge madzi, wina anali atathamanga kale ndi kapu. Akagwira tsache tinkawalanda. Tsiku lonse m'nyumba munkangomveka kuti, "Khalani amayi, ndikutengerani." Chinali chikondi, sindikukana. Koma pomatha miyezi iwiri, munthu amene ankanyamuka pampando osaganizako n'komwe ankayamba wadzigwedeza katatu, manja ali pamaondo, kuti aimirire. Poyenda ankagwira khoma, akasiya khoma agwire tebulo, akasiya tebulo agwire chitseko, maso ali pansi.

Amene anatitsegula m'maso ndi dokotala wa mafizo, mayi wofatsa wosathamangira kulemba. Zida zake tsiku loyambalo zinali mpando, tepi yoyezera ndi wotchi ya pafoni basi. Anayeza mamita 3 kuchokera pampandopo, n'kujambula mzere pansi.

"Agogo, ndikati tiyeni, mudzuke, muyende mpaka pamzerepo, mutembenuke, mudzakhalenso. Musafulumire ayi, yendani mmene mumayendera kunyumba."

Amayi anatenga masekondi 19. Potembenuka pokha ndinawerenga timasitepe 6, mapazi akukhwekhwereza pansi. Mayeso amenewa amatchedwa Timed Up and Go, ndipo anawafalitsa Podsiadlo ndi Richardson ku Montreal mu 1991. Bungwe la zaumoyo la CDC ku America limati wokalamba akatenga masekondi 12 kapena kuposerapo, ali pachiopsezo cha kugwa.

Mayeso achiwiri sindinadziwe n'komwe kuti ndi mayeso. Akutiperekeza mukhonde, dokotalayo anafunsa ngati akungocheza, "Agogo, muli ndi zidzukulu zingati?" Amayi anaima, n'kuyamba kuwerenga pazala. Atamaliza kuyankha m'pamene anayambanso kuyenda. Dokotala anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndaona. Anafotokoza kuti munthu wathanzi kuyenda kumangochitika kokha, mutu uli pa zina. Koma miyendo ikafooka, kuyenda kumayamba kufuna nzeru zonse, ndiye ubongo ukapatsidwa ntchito yachiwiri umaimitsa mapazi. Ku Umeå, m'dziko la Sweden, Lillemor Lundin-Olsson ndi anzake anayang'anitsitsa zimenezi pakati pa okalamba 58 n'kulemba mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1997. Mwa okalambawo, 12 ankaima akalankhulidwa, ndipo 10 mwa 12 amenewo anagwa pasanathe miyezi 6. Ine ndinali nditaona amayi akuima choncho kwa chaka chathunthu, ndikumati ndi ulemu wawo chabe, wofuna kumuyang'ana munthu akamamuyankha.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga chilichonse chimene ndikanapeza pa nkhaniyi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa cha kugwa, ndipo pa imfa zangozi, ngozi zapamsewu zokha ndi zimene zimaposa pamenepa. Ambiri mwa omwalirawo ndi opitirira zaka 60. Pa anthu atatu alionse a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi amagwa pachaka. Chimene chinandigwira mtima kwambiri si kuchuluka kwake koma kuti kugwa kumaoneka kukubwera. Mary Tinetti wa ku yunivesite ya Yale anatsatira kwa chaka chimodzi anthu 336 a zaka 75 kapena kuposerapo, okhala m'nyumba zawo, n'kufalitsa zotsatira mu 1988. Ankawerenga zofooka za munthu aliyense: kumwa mankhwala ogonetsa, kuiwalaiwala, miyendo yopanda mphamvu, mavuto a mapazi, kudzandira poyenda. Pa amene analibe chofooka chilichonse, anagwa 8 pa 100 alionse. Pa amene anali ndi zinayi kapena kuposerapo, anagwa 78 pa 100. Si chinthu chimodzi chimene chimamugwetsa munthu, zimachita kuunjikana.

Pali kafukufuku wina amene anandisintha maganizo pa zomwe zinachitika usiku uja. Ife tinkasakasaka chimene amayi anapunthwa nacho. Tinachotsa kakapeti, tinasuntha nsapato, tinayang'ana ngati pansi panali ponyowa. Iwo ankangoti, "Palibe chimene chinandikola, ndinangopezeka ndili pansi," ife osawakhulupirira. Stephen Robinovitch ndi gulu lake ku British Columbia, m'dziko la Canada, anaonera mavidiyo a makamera a m'nyumba ziwiri zosungira okalamba, momwe anthu 130 anagwa ka 227. Zotsatira zinatuluka mu 2013. Kuterereka, kumene tonse timakuopa, kunangochititsa 3 pa 100 ya kugwa konseko. Kupunthwa kunali 21 pa 100. Chachikulu, 41 pa 100, chinali chakuti munthu amasuntha kulemera kwa thupi molakwika: amapendekera kupitirira pamene mapazi ali, potembenuka, podzuka, pokhala, kapena poyamba kuyenda, mapazi n'kuchedwa kutsatira. Amayi ankanena zoona. Anatembenuka kuti atseke chitseko, thupi linapita, phazi linatsala.

Dokotala uja sanatinamize kuti wotchi yake ndi mneneri. Ananena yekha kuti pali ena amachita bwino pamayeso n'kukagwa sabata yomweyo, ena amachedwa koma osagwa zaka zambiri. N'chifukwa chake malangizo a padziko lonse lapansi okhudza kugwa kwa okalamba, amene anatuluka mu 2022, amayamba ndi mafunso atatu osafuna chida chilichonse. Kodi mwagwapo m'chaka chapitachi? Kodi mumamva ngati mukudzandira mukaimirira kapena mukamayenda? Kodi mumada nkhawa kuti mugwa? Funso loyambalo ndi lolemera kuposa onse, chifukwa amene wagwapo kale ndi amene amagwanso kawirikawiri. Vuto lake n'lakuti makolo athu amabisa. Amayi anaulula pamaso pa dokotala kuti aka kanali kachitatu, ndipo ine, wokhala nawo nyumba imodzi, ndinkadziwa kamodzi kokha. Ankaopa kuti tikadziwa tiwaletsa zonse. Ndipo ndi zomwe tinachitadi.

Zina zinali za dokotala wa mankhwala, ndipo anatitumiza komweko. Anawayeza BP atagona, n'kuwayezanso ataimirira, n'kupeza kuti ikutsika kwambiri akadzuka mofulumira. Anasintha mapiritsi ena, n'kuyamba kuchepetsa pang'onopang'ono aja ankamwa kuti apeze tulo. Anawayezanso maso. Chonde, mankhwala a kholo lanu musawasiyitse nokha, kambiranani ndi amene anawalemba.

Koma ntchito yaikulu inali ya miyendo. Dokotala wa mafizo anatipatsa ndondomeko yochokera ku Otago Exercise Programme, imene John Campbell ndi Clare Robertson anakonza ku New Zealand, ndipo m'mayeso awo inachepetsa kugwa ndi 35 peresenti. Mafizo ake amachitikira kunyumba, katatu pasabata, pafupifupi theka la ola, kuphatikiza kuyenda masiku ena. Ine ndinkaganiza kuti kungoyenda m'mawa uliwonse n'kokwanira. Iye anapukusa mutu. Kuyenda n'kwabwino ku mtima ndi ku mapapo, koma pakokha sikuphunzitsa thupi kudzigwira likayamba kupendekera. Mu 2019 Catherine Sherrington wa ku Sydney ndi anzake anasonkhanitsa mayeso 108 a anthu oposa 23,000, n'kupeza kuti masewera olimbitsa thupi amachepetsa kugwa ndi 23 peresenti, ndipo umboni wamphamvu uli pa masewera ophunzitsa thupi kukhazikika. Pa kuyenda kokha sanapeze umboni wokwanira. Kafukufuku wawo wam'mbuyomo anasonyeza kuti phindu limakula masewerawo akakhala ovutirapo ndithu, komanso akamakwana maola opitirira atatu pasabata.

Apa m'pamene mtima wanga unavutika. Kuti thupi liphunzire, pamafunika munthu agwedezeke pang'ono. Amayi ankaima pambali pa tebulo lolimba, phazi limodzi kutsogolo kwa linzake, chidendene chitagunda zala. Sabata yoyamba ankagwira tebulo ndi manja awiri, kenako dzanja limodzi, kenako zala ziwiri, kenako chala chimodzi. Tsiku limene anachotsa chalacho, ndinaona akakolo awo akunjenjemera, zala zakumapazi zikukanda pansi, thupi likuwezuka ngati bango. Manja anga anatuluka okha kuti ndiwagwire. Dokotala anandigwira pamkono n'kundinong'oneza, "Achemwali, imani pafupi koma musawakhudze. Kunjenjemerako ndiye ntchitoyo." Anakhala choncho masekondi 7, n'kugwiranso tebulo, akupuma mwamphamvu, nkhope ikuwala.

Panali zinanso: kudzuka pampando n'kukhalanso kakhumi osagwiritsa manja, kuima pa zala zakumapazi, kuyenda cham'mbali, kuyenda chobwerera m'mbuyo, kuwongola bondo atamangidwa kathumba kolemera pakakolo. Masiku ena ankakana, akuti maondo akuwawa, ndipo tinkawasiya n'kuyesanso madzulo. Chomwe chinathandiza ndi kulowetsa mafizowo m'zochita za tsiku ndi tsiku, monga kuima ndi mwendo umodzi potsuka mano dzanja lili pasinki. Njira yoteroyo inayesedwanso ku Australia ndi Lindy Clemson ndi anzake mu 2012, ndipo inachepetsa kugwa ndi 31 peresenti.

Phunziro limene amayi analikana kwa milungu itatu linali la kudzuka pansi. Kungomva kuti agone pansi dala, nkhope inagwa. Dokotala sanawakakamize. Anayambira kumapeto: poyamba kungogwada ndi bondo limodzi pa pilo, manja ali pampando, n'kuimirira. Atazolowera, maondo onse awiri. Kenako kukwawa kuchokera patali pang'ono kufika pampandopo. Pomaliza penipeni m'pamene anagona cham'mbali, monga mmene ndinawapezera usiku uja, n'kudzitembenuza, n'kudzikankha ndi chigongono, n'kukwawa, n'kuika manja pampando, n'kutsogoza phazi lamphamvu, n'kunyamuka. Atakhala pampando anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndikanadziwa zimenezi, sindikanazizidwa pansi paja."

Patha miyezi 5 tsopano. Sabata yatha anawayezanso pa mamita atatu aja, ndipo wotchi inaima pa masekondi 13. Sanafikebe pansi pa 12, ndipo dokotala wawonjezera chovuta china: aziyenda mukhonde uku akutchula mayina a zidzukulu kuyambira wamng'ono, osaima. Dzulo madzulo ndinawaona akusuzumira kapu yawo yopanda madzi. Mawu aja anafika pakamwa panga, ndinawameza. Anadzuka kamodzi kokha osagwira maondo, n'kulowera kukhitchini, ine ndikumvetsera mapazi awo mpaka mpopi utatseguka.